Njinga Yamoto ya Bambo a Subira

Kugombe la Chiuta,
Mwezi wa Ramazani, 1971

Okondedwa achimwene a Bwanausi,

Salamu aleikumu. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Limbeko, inu ndi alamu anga a Safiya ndi ana onse. Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno amayi alipo, mawondo okha ndiwo sawapatsa mpata. Mwana wanga Subira wakula, tsopano amasenza yekha ndowa yodzaza. Ine mlongo wanu ndilipo, thupi lili bwino. Chimene ndalembera ndi nkhani ya amuna anga, a Masudi.

Kalatayi sindinaiponye ku koreyo, ku positi kuja. Ndapatsira a Nasoro, aja amaoloka ndi nsomba zouma kubwera tsidya lanulo. Mukawerenga muiwotche. Zilembo zikapotoka mundikhululukire, ndi zomwe zija munkandiphunzitsa tili ana.

Mukukumbukira kuti chaka chatha a Masudi anakupemphani pulagi ya njinga yamoto, ndipo munatumiza. Njingayo simunaione, ndiye ndikuuzeni mmene inalili. Inali ya Mmwenye wa kantina ku Entre Lagos. Inakhala kuseri kwa sitolo zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pansi pa injini. Mmwenyeyo anaipereka kwa a Masudi atamufolerera nyumba yosungira katundu. Anabwera nayo akukankha, matayala ali phwa, ndipo akazi anzanga anandifunsa ngati amuna anga ayamba kutola zitsulo.

Paja anagwirako ntchito m'galaji ku Halale. Ankati akaidzutsa, nsomba zizikafika ku msika wa ku Mecanhelas zikadali zaziwisi, osati mmene zimafikira pa njinga yakapalasa, zitayamba kale fungo.

Zida za m'sitolo tinalibe nazo mphamvu. Dzimbiri tinkalichotsa ndi mchenga wa kunyanja ndi madzi a mandimu, iwo ndi ine, mpaka zala kusupuka. Thanki inali ndi timabowo ngati sefa, anaimata ndi mtovu wa batire lakale limene anatola kumene ankamanga njanji. Waya wa mabuleki anachotsa pa njinga yawo yakapalasa. Zotsekera pakati pa zitsulo za injini anadula pa chipewa chawo cha ku Halale. Chishalo ndinasoka ine ndi chikopa cha mbuzi, n'kuikamo thonje limene ndinapatula pa nthawi yogulitsa. Tayala lakumbuyo analisoka ndi waya ngati chilonda.

Dzinja lonse inkangotsokomola n'kuzima. Amayi ankadandaula kuti akamwini asiya khasu chifukwa cha chitsulo chakufa. Nanenso nthawi zina ndinkaganiza zomwezo, koma sindinkanena.

Tsiku limene inalira unali m'mawa, ine ndikupeta mpunga. Anaponda, inakana. Anapondanso, ndiye inabangula, utsi buu pabwalo ponse, nkhuku balala. A Masudi anangoima atagwira zigwiriro, akuseka, misozi ikutsika. Chikwatirane sindinawaonepo otero. Anandikweza kumbuyo mpaka kugombe, ine nditatsinzina, nditakakamira malaya awo.

Kwa miyezi yochepa zinthu zinatiyendera. Nsomba zinkafika zaziwisi ndithu. Mkazi wa a Haji atavutika pobereka, ndi njinga yomweyo inakatenga azamba kumudzi wakutali, ndipo mayi ndi mwana anapulumuka. Anthu ankatiitana ndi mayina athu, achimwene.

Koma phokoso la njinga yamoto silibisika. Asilikali a atsamunda anali atamanga msasa pa njira ya ku Amaramba. Tsiku lina anatuma asipayi, apolisi awo aja, kudzawaitana a Masudi. Mkulu wa pamsasapo anati njinga yotere ingathe kunyamulira uthenga anthu a nkhondo aja ali m'tchire. Anawauza kuti asankhe: apite kundende njinga ilandidwe, kapena aziwagwirira ntchito. Gazolina wothira m'njingayo azipereka asilikaliwo. Magalimoto awo salowa m'tinjira ta m'dambo, koma njinga imalowa.

Ntchito yake inali yonyamula womasulira wa asilikali, munthu amene amayenda m'midzi kufufuza amene akupereka ufa kutchire. A Masudi ankangoyendetsa, sankafunsa munthu kanthu. Komabe anthu akamva kulira kwa njinga anayamba kuthawira m'bango. Pa Ijumaa, mapemphero a Lachisanu ku mzikiti, pamene iwo aima pankatsala mpata kumanja ndi kumanzere. Kuchitsime akazi ankaleka nkhani ine ndikafika.

Kenako anawalamula kupita naye womasulirayo kumudzi kwa amayi athu aang'ono, a Saumu. Posakhalitsa mudziwo unatenthedwa. Anthu anawasamutsira kumudzi watsopano wozingidwa ndi waya, ndipo amuna ena anatengedwa osabwereranso. Mbale wathu Adamu ali m'gulu limenelo. Ndikudziwa kuti iyi muyamba kuimva lero. Pepani.

A Masudi anapita wapansi kukawaona a Saumu ku wayako. Akuti sanawatukwane, sanalirenso. Anangonena kuti, "Ndinakumvani mukubwera tsiku lija, akamwini. Ndinayesa mwatibweretsera nsomba."

Kuchokera pamenepo chakudya chinaleka kuwalowa. Ndinawapempha kuti tithawe, njinga tiisiye. Anati akaisiya yamoyo asilikali aipatsa munthu wina, ndipo izipitabe m'midzi.

M'mawa wina ndinawapeza atagona pansi pa injini. Anamasula kabawuti, mafuta onse akuda n'kukhuthukira m'phale. Ndinafunsa ngati akufuna kuthira atsopano. Anangodzuka, anapukuta thanki ndi mkono wa malaya pang'onopang'ono, anailiza, n'kulowera njira ya kugombe.

Ndinaima pakhomo ndikumvetsera. Inapita patali ikulira bwinobwino. Kenako mawu ake anasintha, ikukhuluza ngati munthu wobanika, ndiyeno zii. Anabwera nayo dzuwa lili pamutu, akukankha. Zitsulo za m'kati zinali zitapsa n'kumatirirana, moti palibe mmisiri angaidzutsenso.

Ku msasa anakanena kuti yafa ndi ukalamba. Koma asilikali ali ndi makaniko wawo, anaitsegula n'kupeza m'kati muli gwa, mopanda mafuta. A Masudi anaumirira kuti mafuta anatayika m'njira iwo osadziwa. Mawu amenewo ndiwo anawapulumutsa ku imfa, koma sanawapulumutse ku mbalamatodya, thabwa la mabowo lija amamenyera m'manja. Anawatulutsa mwezi wa Ramazani utangooneka.

Achimwene, manja aja kulibenso. Zotupa zinaphwa, koma zala sizipindika. Nkhafi sangagwire, ukonde sangasoke. Nthawi ya futari, pomasula kusala madzulo, ndimawadyetsa ine, Subira ndimayamba ndamutuma kunja kuti asaone. Masana amakhala pakhonde, manja ali pamaondo, akuyang'ana njira.

Chondiwawa kwambiri ndi chakuti pamudzi pano palibe akudziwa chimene anachita. Ena akuti anamenyedwa chifukwa choba gazolina. Ena akuti zawayenera. Ine pakamwa pamandiyabwa, koma iwo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, chifukwa mawu akafika ku msasa kuti anachitira dala, adzawatenganso ndipo sadzabwera. Ndiye amene amadzawaona ndi a Haji okha, iwonso amalowera kuseri kwa nyumba. Ndipo kutchire kwachokera uthenga wakuti za mudzi wa a Saumu sanaziiwale. Tsopano tikuopa uku ndi uku. Galu akauwa, amayi amayamba kupemphera.

Inu ndinu mwini mbumba. Bambo kulibe, amalume kulibe, ndilibe khomo lina logogoda. Ndikupempha mutilandire. A Nasoro avomera kutiolotsa pa bwato Idi ikangopita, mvula isanatseke njira. Sindikupempha nyumba, ngakhale khitchini itikwana. Ine manja ndili nawo. Ndikhoza kuphika mandasi, kuchapa zovala za anthu, kulima maganyu, chilichonse chimene akazi amachita kumeneko. Amayi akuti akamva za mudzi wa waya mtima umawaphulika, safuna kukafera m'menemo, ndipo zikumveka kuti midzi ya kugombe kuno nayonso aisamutsa.

Ndikudziwa kuti nyumba yanu ndi yaing'ono ndipo ana ndi ambiri. Mukambirane ndi alamu, musawakakamize. Ngati tonse sitingakwane, tengani amayi ndi Subira. Ine amuna anga sindiwasiya. Musalembe kalata. Muwauze a Nasoro pakamwa kuti inde kapena ayi, ine ndimva.

Ndisanaitseke kalatayi ndawawerengera a Masudi yonse, kuti ngati pali cholakwika achotse. Amvetsera atawerama, ndipo sanachotse kanthu. Za manja awo sanawonjezepo, za anthu a pamudzinso ayi. Angonena kuti:

"Muwauze alamu kuti inayenda. Asaganize kuti tinangovutika pachabe. Inayenda bwino ndithu."

Ndiye ndakuuzani.

Mulungu akusungeni ndi kukulandirirani kusala kwanu. Mundiperekere moni kwa alamu a Safiya, kwa ana mmodzimmodzi, ndi kwa abale onse a kwathu amene mumakumana nawo ku mzikiti. Amayi akuti akufuna kuona nkhope yanu maso asanachite mdima. Mutikumbukire m'maduwa anu mukamapemphera.

Ndine mlongo wanu,
Mwanahamisi