Kadontho ka ku Dwambazi

Dwangwa,
14 Ogasiti, 2024.

Okondedwa achimwene Abdallah,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Joniko chayamba kuchepa. Kuno tili bwino, kungoti mwera wavuta ndipo phulusa la nzimbe zowotcha ku esiteti likutidetsera zovala pachingwe. Kalatayi ndapatsira a Maliko amene akukwera basi Loweruka. Mudabwa kuti ndalemba papepala pamene foni ilipo. N'chifukwa choti pafonipo ndinakunamizani, ndiye ndilibe mtima wokuuzani izi ndi pakamwa.

Ndiyambe ndi za ntchito, poti galimotozi ndi zanu. Zonse zitatu zikuyenda. Tizipangizo tolondola galimoto munatumiza tija tikundithandiza. Nditaona pamapu kuti maulendo ambiri a Probox amayambira ku Ngala, ndinaisamutsira komweko. Amayi a usipa opita kumsika Lolemba ndimawaphatikiza atatu galimoto imodzi, ndipo sadandaula. Mphunzitsi wothamanga ngati wathawa kundende uja ndamuika pamndandanda wa oletsedwa. Anabwera kudzakana, ndinangomuonetsa liwiro lake pafoni, anachoka osatsazika.

Tsopano za Lachisanu lapitali. Munandifunsa chifukwa chake Sienta inaima kuthengo maola atatu, ine ndinati ndi netiweki. Sinali netiweki. Ndinaithimitsa ndine.

Mukuwakumbukira a Rajabu, anzawo a abambo amene ankasoka nawo maukonde ku Ngala? Ali ndi laisensi. Kuyambira mwezi wa Juni akhala akubwereka Sienta Lachisanu, akatuluka kumzikiti. Pafomu yathu paja pali malo olemba nambala ya munthu woti timuimbire pakachitika ngozi. Iwo analembapo nambala ya abambo. Nambala imeneyo ndinaifufuta mufoni chaka chimene anawasiya amayi ali pamphasa n'kukakwatira kuseri kwa msika, koma m'mutu inakana kufufutika.

Ndiye ndinayamba kukalondola kadontho ka galimoto yawo pamapu, osati monga ndimachitira ndi makasitomala ena, ayi. Kakachoka pano kamakaima kuseri kwa msika, panyumba ya mkazi wa abambo uja. Kenako kamatenga msewu wa M5 kulowera kumpoto. Kasanafike pamlatho wa Dwambazi kamasiya tala, n'kulowa kanjira ka fumbi mpaka pakankhalango kena, n'kuima mphindi makumi anayi. Ulendo uliwonse chimodzimodzi. Ndinaona kuti ndi pafupi ndi kwawo kwa amayi, kungoti tsidya lina la msewu, ndipo mtima unawira. Ndinati abambo ali m'galimotomo, mkuluyu wapeza mkazi wachitatu, kapena akuzembetsa makala m'galimoto ya mwana wake, ndipo wasankha kuchitira zimenezo pakhomo pa munthu amene anamuliritsa.

Lamulo lathu limati wochoka pa tala osatiuza timuletse. Ndinadzinamiza kuti ndikutsata lamulo. Lachisanulo, galimoto itangoima pakankhalangopo, ndinadina pafoni pothimitsira injini. A Rajabu anaimba kanayi, ine ndikungoyang'ana foni ikulira. Kenako ndinakwera kabaza kuti ndikawagwire ndi maso anga.

Nditafika ndinapeza a Rajabu atatsamira boneti.

"Eee, abwana afika! Mwabwera kudzasecha matumba a makala?"

"A Rajabu, pafomu munasaina kuti simuchoka pa tala."

"Tala? Nanga akufa amawaika pa tala, mwana iwe?"

Achimwene, ndi pamene ndinayang'ana bwino mitengo ija. Anali manda.

Inu tsiku la maliro a amayi simunathe kubwera. Ine ndinalipo, koma mukudziwa mwambo wathu. Ife akazi tinatsala m'nyumba, amuna ananyamula jeneza n'kukhota kuseri kwa mzikiti, basi. Kumene analowera sindinakuone, ndipo sindinafunsepo. Ndimangoganiza kuti ndi pafupi ndi nyumba. Abambo analipo m'gulu la amunalo. Tsiku lomwelo anandipatsa moni, ine ndinayang'ana kumbali.

Tsono abambowo anali atakhala m'galimotomo, kumpando wa kumbuyo, chitseko chotsegula, phazi lamanzere atalikulunga ndi nsalu. Shuga yawadya. Aonda mwakuti kofia ikuwagwera m'makutu.

"Kulusumu," anatero, "ndiwe wathimitsa?"

"Ndine."

Anaseka pang'ono. "Mayi ako nawo akakwiya ankandibisira nsapato."

"Musawatchule! Munali kuti pamene ndinkawatembenuza ndekha pamphasa? Lero ndiye mwadziwa njira?"

"Ndinali kumene ukudziwako. Sindikana."

Ndinkafuna akane kuti ndiwalalatire bwino. Mawu ndinali nawo, ndawasunga zaka zinayi. Koma munthu akavomera, mawu ako amasowa poponda. A Rajabu ndi amene anandiuza zotsalazo: kuti kale abambo ankabwera paminibasi n'kuyenda wapansi kuchokera pamsewu, koma phazilo linakana, kuti iwo amawagwirira paphewa mpaka pamandapo, abambo amachita duwa yopempherera amayi, a Rajabu n'kumazula udzu. Anati sanafune kulemba dzina la abambo pafomu poopa kuti ndiwakaniza. Apo sanalakwe. Ndikanawakaniza.

Chimene chikundiwawa mpaka lero ndi ichi: amene anawathawa ndiye akudziwa pamene agona, ine amene ndinawasambitsa sindimadziwa. Miyezi iwiri ndakhala ndikuyang'ana manda a amayi anga pafoni, n'kumawatukwana kuti ndi ponyamulira makala.

Ndinaima m'mphepete, poti kulowa sindingalowe, ndipo ndinafunsa ndisakuwayang'ana, "Ndi pati?"

Abambo analoza ndi ndodo. "Ukuona mtondo wopendekerawo? Kumanzere kwake, pachitatu. Ndinaikapo miyala yoyera ya kunyanja kuti pasasowe."

Miyalayo ndinaiona. Kenako ndinadina foni, galimoto inalira. Anandiuza kuti malo alipo kutsogolo, koma ndinabwerera pakabaza wanga. Musaganize kuti ndawakhululukira. Miyala yoyera siinawamwetse amayi phala.

Tsono mwa lamulo dzina la a Rajabu limayenera kupita pamndandanda wa oletsedwa, chifukwa achoka pa tala kambirimbiri. Zikatero abambo safikanso kumanda, poti wina wowabwereka galimoto kuno palibe. Masiku anayi fomu yawo yakhala patebulo, ndikuitembenuza. Dzulo ndasankha. Sindiwaletsa. Kanjira kaja ndakalowetsa m'malo ololedwa pamapu, ndipo Sienta ndaisungira iwo Lachisanu lililonse masana. Ngati mukutsutsa, galimoto ndi zanu, mundiuze.

Ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, musinthe nambala yachinsinsi yothimitsira injini, ikhale kwa inu nokha. Ikabedwa galimoto ndidzakuimbirani. Mapu ndi mafomu ndipitiriza kusunga, poti ntchitoyo ndimaitha, koma chala changa ndachiona kuti sichidalirika. A Rajabu analemba nambala ija kuti tiimbe pakachitika ngozi, ine ndinaigwiritsa ntchito ina. Lachiwiri, ngati kumeneko kuli nsapato zofewa za odwala shuga, mupatsire a Maliko pobwerera. Amavala saizi naini. Musanene kuti ndapempha ndine.

Mupereke moni kwa alamu anga a Iness ndi kwa kamwana ka Fahad, mukauze kuti azakhali ake akudikira chithunzi cha mano atsopanowo. Azakhali a ku Ngala akupereka moni. A Rajabu akuti galimoto yanu ndi yabwino koma mlongo wanu ndi tsabola. Abambonso anati ndikupatseni moni. Ndalemba chifukwa anandituma.

Mukatsegula mapu Lachisanu likubwerali muona kuti malo aja ndawapatsa dzina. Ndalemba kuti "Kwa amayi." Mukaona kadontho kataima pamenepo, nanunso muchite duwa kumeneko. Ine ndikhala ndili m'galimotomo, kutsogolo, osati kumbuyo ndi iwo.

Ndine mlongo wanu,
Kulusumu.