Digiri ya Abusa Ikufuna Kuti Ndichoke ku Mufakose

Aphungu,

Ndine mayi busa, koma abusawo pakhomo palibe. Ndazengereza nthawi yaitali kulemba, poti kutchalitchi ine ndiye wolimbikitsa ena, ndiye zanga ndikauze yani?

Amuna anga, abusa a Lawson, anabwera kuno ali kumsana kuchokera kwathu ku Malawi. Anakulira muno m'dziko la Ashona, atumikira mpingo wathu wa m'komboni ya Mufakose zaka zambiri, ndipo Chishona amachilankhula kuposa ine. Sukulu ina ya zaubusa ya ku Amereka inawalandira kuti akachite digiri ya udokotala wa ubusa ndi kusamalira anthu a m'mavuto. Zofunika anali nazo: digiri yoyamba ya zaumulungu, zaka zotumikira, ndi umboni wa akulu a mpingo. Chinavuta ndi ulendo. Pasipoti ya dziko lino, mukudziwa, kunja sakuifuna chiyambire pomwe azungu a kuno anadzipatsa okha ufulu. Akulu ena anati, "Inu si a ku Malawi kodi? Tengani ya kwanu." Tinaona ngati nzeru. Tinawaperekeza ndi nyimbo, ine ndili patsogolo ndi nthungululu.

Pobwera, pabwalo la ndege anawauza kuti, "Pasipoti iyi ikuti ndinu mlendo, simulowa." Anawakweza ndege ya ku Blantyre, munthu woti mano anamerera muno. Mpaka lero ali kwa achibale, ndipo akulu a mpingo ayendera nkhaniyi mpaka nsapato kutha.

Tsono digiriyi si yongowerenga mabuku ayi. Gawo lomaliza limafuna kuti mbusa akhale ndi mpingo wakewake, aziyendera odwala, ofedwa ndi mabanja ogwedezeka, kagulu ka akhristu kazikhala naye pansi n'kumamuuza pomwe akuphonya, kenako alembe buku la zomwe waphunzira. Wopanda mpingo samaliza, ndipo nthawi yomwe sukulu inawapatsa ikutha. Ku Malawiko mpingo wapezeka, koma akulu a kumeneko ati, "Mbusa wokwatira sitimulandira yekha. Amayi a chigwirizano adzawatsogolera ndani?" Ndiye abambo akuti ndinyamuke.

Apa ndi pomwe mtima wanga ukukanira. Mwana wathu woyamba, Lameki, anasowa kusukulu yogonera chaka chatha pamodzi ndi anzake, bambo ake ali kunja. Komwe anapita simufunika kuuzidwa, ndi kutchire kwa omenyera ufulu, komwe akupita anyamata ambiri masiku ano a nkhondo. Sitinamvepo kanthu. Nyumba yomwe amaidziwa ndi ino yokha. Ku Malawi sanapondeko, ngakhale dzina la mudzi wa agogo ake amalitchula mokhota. Akadzagogoda n'kumutsegulira munthu wachilendo, adzalowera kuti?

Abambo analemba kuti, "Amake Lameki, ndikapanda kumaliza, zonse tavutikirazi zalowa m'madzi." Ine ndinayankha ndi mkwiyo kuti digiri siidzanditchula amayi. Chiyambire apo angoti zii. Nthungululu zanga zija zimandiwawa, aphungu. Akanakhala pakhomo mwina mnyamatayu sakanapita. Kodi ndipite kapena ndikhale?

F. L., Mufakose

Mayi F. L.,

Pepani kwambiri. Mwasenza katundu wa anthu awiri, ndipo palibe amene wakulandirani.

Koma tiyambe ndi kuchotsa bodza limodzi lomwe likukudyani. Anyamata achoka m'nyumba zomwe bambo amagona momwemo tsiku lililonse, ena mpaka ana a apolisi. Lameki sanapite chifukwa cha digiri, ndipo za pasipoti munachita zomwe aliyense wa ife akanachita. Lekani kudziimba mlandu, lekaninso kuwaimba amuna anu. Mwana wasowayo ndi wawonso, ndipo iwo akulira kwa eni, kopanda ndi wowapepesa yemwe.

Tsopano zowawa. Nyumba mukuilonderayo ndi ya mpingo. Mpingo sungakhale wopanda mbusa mpaka kalekale, ndipo tsiku lina akulu omwewo adzabwera mwaulemu, zipewa zili m'manja, kudzapempha makiyi. Mukhale kapena mupite, pakhomopo mudzachokapo. Ndi bwino muchoke mutakonza zinthu nokha kusiyana ndi kuchotsedwa.

Lemberani amuna anu sabata ino. Musatchule za digiri poyamba, auzeni za mantha anu monga mwandiuzira ine. Kenako apempheni alembere sukulu yawo, afotokoze kuti anatsekeredwa kunja kwa mpingo wawo ndiponso kuti mwana wawo anasowa, apemphe nthawi yowonjezera. Sukulu yophunzitsa abusa chifundo iyenera kumva zimenezi, koma siingamve ngati iwo akubisa chifukwa cha manyazi. Afunsenso akulu a ku Malawiko ngati angawalole kuyamba ntchito inu mutalonjeza mwezi wofikira.

Nthawi imeneyo muigwiritse ntchito kusiyira Lameki njira. Sankhani amayi awiri okhazikika a mumzere wa nyumba wanu womwewo, amene anamuona akukula ndipo iye angawakhulupirire. Auzeninso a sosaite yanu ya maliro, poti palibe munthu wa kwathu amene amasowa kwa anthu amenewo, amadziwa komwe aliyense anasamukira. Mbusa wodzalowa m'nyumbamo mukamuone maso ndi maso. Mnyamata akadzafika, asadzasowe womupatsa madzi ndi womuuza komwe muli. Ndipo musanakwere basi, funsani bwino za mapepala anu, kuti zomwe zinawagwera amuna anu zisakugwereni mosadziwa.

Chenjezo langa ndi ili. Uthengawo ukhale wapakamwa, ndipo musayende m'maofesi kufunsa za mwanayu, mungamuitanire mavuto iye ndi oyandikana nawo. Samalaninso ndi aneneri amene adzakuuzani kuti amuona m'masomphenya ali panjira, chifukwa adzakumangirirani pakhomopo zaka. Ine sindingakulonjezeni kuti Lameki adzabwera. Ndikupemphera kuti adzabwere. Koma pa anthu awiri amene mukuwalira, mmodzi tikudziwa kuti ali moyo, tikudziwa komwe ali, ndipo wakuitanani. Pitani, mayi, mukadikire mwana wanu muli awiri.

Aphungu