Alamu ali m'nkhokwe

Amake Lonia,

Mukabwera kuchigwirizano musadabwe kundisowa, ndipo nkhokwe musatsegule. Muli achimwene anu a Gabriel.

Masana ano tinaonetsa filimu ya kazitape ija pansi pa mtengo wa mango. Chigawenga chake n'chadazi, chovala magalasi akuda, ndipo chinali chitangomangirira kazitapeyo pampando pamene batire linatha. Nthawi yomweyo alamu anatulukira kuchokera ku Chipata, dazi likuwala, magalasi akuda ali kumaso. Pakati pa oonerawo, a Manase anaimirira n'kunena kuti, "Si uyu watulukira kuseri kwa kanemayu?" Amake Zangaphee anawafunsa alamu kuti, "Mwana wa eni ake uja mwamusiya kuti?" Alamu, poyesa nthabwala, anati amuponya mumtsinje. Liwiro linayambira pamenepo, anthu ali pambuyo pawo, mpaka alamu anathawira m'nkhokwe mwathu.

Sindikuweruza munthu, chifukwa kufanana kulipodi, makamaka m'khosimu. Takambirana modekha ndipo tagwirizana kuti munthu wadazi wa mufilimu uja akafa pakanema alamu akadali moyo, ndiye kuti ndi anthu awiri, ndipo awasiya. N'chifukwa chake ndathamangira kuboma kukatchaja batire. Ndatenga njinga yanu, pepani, yanga yaphwa.

Alamuwo muwapatsire madzi ndi mbatata chapansi pa denga, ndipo magalasiwo avule. A Manase akhala pachitsa ndi mpini kulondera nkhokweyo. Muwapatsenso madzi, ndi alendo athu.

Chondidetsa nkhawa n'chimodzi: filimuyi inenso sindinaionepo mpaka kumapeto. Pempherani kuti munthuyo afe.

Ndine,
Bambo a Lonia