Phokoso Limene Ndinafufuta

Lachiwiri, 4 Juni

Situdiyo yatha. Chipinda chija bambo ankasungiramo makasu ndi matumba, lero matiresi awiri akale kukhoma, bulangete pawindo, kompyuta pa thebulo la mashini osokera. Fungo la mankhwala a mbewu silinachokebe. Ndaomba m'manja kuyesa, mawu osabwerera. Anzanga a m'tauni ankati ndapenga pobwerera kumudzi. Abwere adzamve okha.

Kuseri kwa nyumba, phiri lomwe anthu amakapempherako m'mawa. Kumunsi kwake manda akale, mitengo italiitali yosaonapo nkhwangwa. Mphepo ikadutsamo imatulutsa mawu awiri, ena akuya, ena opyapyala. Kiyibodi yanga izingotsatira pambuyo.

Masana foni ya Mzime, mng'ono wanga. Sabata yachitatu m'chipatala chachikulu. Opaleshoni ya chotupa cha m'mimba aiika pa 14. Sakugona. Akuti m'wodi muli timakina tolira, mawilo a mabedi, ndi mayi wina wobuula. "Achemwali, nyimbo zanu zopanda mutu zija, zogonetsa anthu, ndipangireniko imodzi. Muikemo kwathu." Chipongwe chidakalipo, ndiye kuti mphamvu zilipo. Ndamuuza masiku atatu basi. Iyi ndiye ntchito yanga.

Lachitatu, 5 Juni

Kudzuka kusanayere bwino. Maikolofoni pa ndodo, mahedifoni m'makutu, mame mpaka m'mawondo.

Zomwe ndagwira: mphepo ya kumanda, nditaima kunja kwa mpanda. Kasupe wa m'munsi mwa phiri. Belu la katchalitchi, limu ya tayala la lole yopachika pamtengo, mlaliki amaimenya ndi bawuti. Kulira kwake kumatha masekondi khumi ndi anayi. Opemphera pamwamba paja sindinawayandikire. Pemphero la munthu si langa. Patali chonchi amamveka ngati mvula ikubwera, ndipo zandikwanira.

Pomaliza ndinasiya maikolofoni pakhonde ndikupita kotunga madzi, kuti igwire m'mawa wa pakhomo.

Amayi anandiona ndikuloza ndodo kumtengo. "Anzako akujambula oimba, iwe ukujambula mphepo. Idzakukwatira mphepoyo?" Pakamwa pa Mzime ndadziwa kumene panachokera.

Lachisanu, 7 Juni

Masiku awiri osatuluka. Batire la sola likumafa ikakwana 3 koloko, latsopano thumba likukana. Ndiye ntchito yonse m'mawa.

Belu lija ndalikoka, kulitalikitsa mpaka lasanduka liwu limodzi losatha. Pansi pake kiyibodi, manotsi atatu okha. Kasupe khutu lakumanzere, mphepo lakumanja. Mphindi 22.

Ya pakhonde ija inali yauve. Tsache la amayi, nkhuku, chitseko cha khitchini, ndi kaphokoso kena kapansipansi, mmm, kosalekeza. Inveta ya sola imeneyo, ndinatero. Ndasefa zonse, zatsala mbalame zokha. Malo mu kompyuta achepa, ndiye fayilo yoyambayo ndafufuta. Zaka khumi ndi ziwiri pa ntchito iyi, khutu langa silinama.

Ndatumiza. Sindinapangepo yabwino chonchi. Wondiuza sindikumufuna, ndikudziwa ndekha.

Madzulo alamu, amuna a Mzime, anaimba. Chotupa n'chachikulu kuposa mmene madokotala ankaganizira. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, anapukuta manja, n'kulowa kuchipinda. Miyendo yawo siingapirire tsiku lathunthu pa basi.

Loweruka, 8 Juni

Yankho la Mzime. "Ndi yokongola, achemwali, koma uku ndi kwa eni. Kwathu kulibe ukhondo wotere. Amayi ali kuti?"

Ndinapsa mtima. Ndinamulembera chiphunzitso chonse cha mmene nyimbo zamtunduwu zimakhalira, mwamwayi osatumiza. Iye anawonjeza yekha. Akuti amayi akamasesa amang'ung'uza, pakamwa potseka, liwu limodzimodzi, chikhalire. Bedi lake linali pawindo la pakhonde, ndiye ankadzuka nalo tsiku lililonse. Ine ndinkagona chakuseri.

Ndinanyamuka, kukaika khutu pa bokosi la inveta. Zii.

Ndasefa amayi anga ndi manja angawa, n'kufufutanso. Madzi akatayika saoleka. Manyazi ake, chakudya chamasana sichinalowe.

Koma amasesa tsiku lililonse. Mawa ndijambulanso. Nkhani yaing'ono.

Lolemba, 10 Juni

Si yaing'ono. Dzulo ndi lero maikolofoni pakhonde, tsache lokhalokha. Chiimbireni foni alamu, amayi akusesa chete.

Ndawapempha poyera kuti andiimbire. Anakavala mpango wa kutchalitchi, kukhala tsonga pampando wa mu situdiyo, n'kuimba nyimbo ya m'buku ndime zonse zisanu, mokweza ngati pa kwaya. Ndinawathokoza. Si imeneyo. Nditatchula za kung'ung'uza anandiyang'ana ngati ndawanamizira kuba. "Ine? Ndine njuchi ine?" Sadziwa n'komwe kuti amatero.

Ndayesa kung'ung'uza ndekha. Mzime angandigwire bodza pa sekondi yoyamba.

Alamu akuti usiku wathawu wagona ola limodzi, ndipo anamwino akudandaula kuti magazi akuthamanga. Masiku anayi. Mantha ndili nawo, ndisadzinamize.

Lachiwiri, 11 Juni

Nzeru yandipeza ndikutsuka mbale. Posefa paja ndinalemba pakapepala noti ya phokosolo, kuti ndilidule bwino. Kapepalako ndakapeza pansi pa kiyibodi. Ndi noti ya belu la katchalitchi, kungoti yotsika. Ndiye kuti zaka zonsezi belu likalira m'mawa, amayi amalitola n'kulipitiriza. Masiku ano likumawadutsa mutu uli kuchipatala.

Belu la mlaliki limafa msanga. Langa silifa, lili ndi mphindi 22.

Mutu uwu sunangokhalira kumeta tsitsi. Mawa sipika pawindo, belu langalo lizilira amayi akusesa.

Lachitatu, 12 Juni

Bulangete ndachotsa, windo lotsegula, sipika motsitsa kwambiri. Maikolofoni m'dengu la zovala pakhonde. Ine m'kati, mahedifoni m'makutu, kupuma mwakuba.

Tsache. Tsache. Mphindi zisanu, palibe. Nkhuku. Mwendo wachita dzanzi. Kenako pansi penipeni, mmm. Poyamba modukaduka. Kenako kutalika, kukwera pang'ono, kubwerera pomwe paja. Pena mawu ananjenjemera, tsache linaima, anamina, n'kupitiriza. Ndalira osatulutsa mawu, kuopa kuwononga.

Sindinasefe kanthu. Nkhuku zikhale, chitseko chikhale, kuminako kukhale. Kiyibodi ndatsitsa, mphepo ndaibweza kumbuyo. Yauve, koma yamoyo.

Masana ndinawauza kuti ndawajambula mobisa, ndipo akakana sinditumiza. "Dengu la zovala linayamba liti kukhala ndi chingwe? Ndinaona ine. Ngati tsache langa likuchiritsa, tumiza." Akuganiza kuti ndimafuna tsache.

Yapita batire lisanafe.

Lachisanu, 14 Juni

Uthenga wa alamu m'mawa. Mzime wagona dzana ndi dzulo usiku wonse, mahedifoni m'makutu. Lero anamwino achita kumugwedeza kuti adzuke. Magazi abwerera m'malo. Walowa ku opaleshoni 9 koloko, akuti maola anayi kapena asanu.

Ndinadziwa kuti igwira. Bodza, sindinadziwe.

Kudikira. Ndasesa mu situdiyo kawiri. Amayi alowa okha, koyamba osaitanidwa. "Ndimveko zomwe wamutumizirazo." Ndawaveka mahedifoni pamwamba pa mpango. Belu, kasupe, kenako tsache. Anaseka, akuti langa ilo. Kenako nkhope inasintha. Anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa.

"Mawu awa wawatenga kuti? Awa ndi amayi anga."

Agogo anamwalira ine ndisanabadwe, palibe anawajambulapo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze. Anandiletsa ndi dzanja, maso ali otseka. Anamvera mpaka mphindi yomaliza.

"Ndiye mwana wanga sali yekha kumeneko."

Sindinawauze kuti mawuwo ndi awo omwe. Mwina tsiku lina, mwina ayi. Yakwana 1 koloko, foni ili pathebulo pakati pathu, sinalirebe. Amayi akuti nyimbo ija ndiibwezenso poyambira.