Impso Ziwiri za Mwana wa Eni

Lachiwiri, 3 Okutobala

Phumeza, 10:14
tata ndatuluka kwa a dokotala. mwakhala pansi?

Tata Vuyisile, 10:31
[mawu ojambula, 0:12] Ndakhala pachidebe m'khola muno, nkhosa zikundiyang'ana. Nena msanga mwana wanga, usandidule mtima. Impso yavuta?

Phumeza, 10:33
ayi ili bwinobwino. ndi za kafukufuku uja, magazi amene akhala akunditenga chaka chonse chino

Phumeza, 10:36
akuti m'magazi mwanga ma gene ena akugwira ntchito kwmbr, ena angokhala chete. andionetsa pa computer, timabokosi tofiira ndi tobiriwira. akuti kaonekedwe kotere amakapeza mwa anthu amene asilikali a m'thupi mwawo anasiya kulimbana ndi impso yoikidwa

Tata Vuyisile, 10:40
[mawu ojambula, 0:07] Sukulu yachuluka pamenepo. Tanena ngati ukuuza mbusa wa nkhosa.

Phumeza, 10:41
kkkk ok. thupi langa mwina layamba kuiona impso ngati yakeyake. MWINA. nurse wathu sister Abrahams wabwereza mawu amenewo mpaka ndatopa

Phumeza, 10:43
zikapitirira chonchi january ayamba kuchepetsa tacro, mankhwala athu aja oletsa thupi kukana impso, pang'onopang'ono kwinaku akuyeza

Tata Vuyisile, 10:52
[mawu ojambula, 0:44] Halala! Ndimadziwa ine kuti mwana wa eni uja anali wofatsa. Iwe ukuti madokotala anatibisira mwini impso, koma anabisa chiyani? Foni ya kuchipatala inatipeza tsiku limodzi, kutiyala pa mabedi oyandikana, iwe ukulira amayi ako, ine ndikufunsa ngati aloleza nyama. Munthu mmodzi anamwalira, impso ziwiri, ina kwa iwe ina kwa ine. Ndife mapasa basi, ngakhale ine ndinatsogola ndi zaka makumi awiri. Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala mwa ife osadandaula. Lero wakhazikika ndithu.

Phumeza, 10:55
ndinu oyamba kukuuzani. kunena zoona ndinu nokha. ndaimbira sisi ku Gqeberha wangoti ndiye wachira eti, nkuyamba za ukwati wa mwana wake

Phumeza, 10:56
ndili pa taxi rank ndikuseka ndekha ngati wamisala

Lachitatu, 11 Okutobala

Tata Vuyisile, 16:20
[mawu ojambula, 0:38] Tayamba kumeta ku shedi. Lero ndacheka nkhosa ya Madiba wa kuseri kwa phiri, pamimba penipeni, sizasi kungovina yokha m'manja. Anyamata kuseka. Wina akuti tata, inu muzingosesa ubweya. Ine! Ine amene ndinawaphunzitsa kugwira nkhosa! Tacro ameneyu wandisandutsa nkhalamba ndisanakalambe. Ngakhale foniyi ndimalephera kulemba, ukudziwa.

Phumeza, 17:48
pepani tata. auzeni ku clinic ayeze level, mwina wachuluka

Phumeza, 17:49
ndipo muvale mask m'shedimo, fumbi la ubweya si labwino kwa ife

Tata Vuyisile, 18:02
[mawu ojambula, 0:06] Eya amayi. Ndamva amayi.

Lachinayi, 26 Okutobala

Tata Vuyisile, 12:05
Phumeza mwana wanga uli bwanji ku Khayelitsha. Kuno mvula yayamba, Cofimvaba yabiriwira. Dzulo ndameta nkhosa mpaka dzuwa kulowa osacheka ngakhale imodzi. Anyamata aja pakamwa pawauma.

Phumeza, 12:40
eeh zabwino zimenezo!

Phumeza, 12:41
dikirani

Phumeza, 12:41
mwalemba nokha zimenezi? kapena ndi mwana wanu Asiphe?

Tata Vuyisile, 12:44
Asiphe ali ku ntchito ku Mthatha. Ndalemba ndekha ndi zala zangazi.

Phumeza, 12:45
tata. tacro mukumwa?

Phumeza, 12:58
TATA

Tata Vuyisile, 13:10
Ndinasiya sabata ziwiri zapitazo. Usakalipe. Impso ndi za munthu mmodzi. Ngati yako yakhazikika ndiye kuti yanganso yakhazikika. Chosiyana nchakuti iwe uli pafupi ndi makompyuta, ine anandibweza kumudzi.

Phumeza, 13:11
ayi ayi ayi sizili choncho!! ayeza magazi ANGA osati impso. ndipo ine sindinasiye, ndikumwa onse mpaka lero

Tata Vuyisile, 13:19
Tamvera. Nkhosa ikafa nkusiya mwana, timatenga chikopa cha mwana wina wakufa nkumuveka wamasiyeyo, kuti mayi wofedwa uja amununkhize nkumuyamwitsa. Koma chikopacho sakhala nacho mpaka kukula. Akazolowerana timachotsa. Mankhwala awa ndi chikopa. Zaka zisanu ndi chimodzi zakwana.

Phumeza, 13:21
nanga nkhosa zonse zimalandira? palibe imene mukachotsa chikopa imamugunda?

Phumeza, 13:40
yankhani funso langa

Tata Vuyisile, 14:15
Zina zimagunda. Yanga si yotero. Ndikumva bwino kuposa kale lonse.

Lachisanu, 27 Okutobala

Phumeza, 09:20
ndawauza sister. mundikwiyire mmene mungafunire. mverani

Phumeza, 09:20
[mawu otumizidwa kuchokera kwa Sister Abrahams, 0:51] Bambo Vuyisile, ndine, amene ndinkakulandani mchere mu ward. Mundimvere bwino. Zimene tapeza kwa Phumeza ndi za thupi la Phumeza. Impso zikhoza kuchokera kwa munthu mmodzi, koma asilikali a m'thupi mwanu ndi anuanu, sitinawayeze. Ndipo ngakhale iyeyo sitinamuuze kuti asiye, kafukufukuyu akadali wakhanda. Thupi likayamba kukana impso silipweteka, bambo. Mukamadzamva ululu zinthu zidzakhala zitapita patali. Yambiraninso lero, ndipo mupite akayeze magazi sabata ino. Musandichititse kuti ndibwere ndekha kumeneko, simundifuna.

Phumeza, 15:02
mwamvera. ndaona kuti mwamvera

Tata Vuyisile, 17:30
Wandineneza kwa aphunzitsi ngati mwana wa sukulu. Tikamaliza kumeta ndipita.

Phumeza, 17:31
mumaliza liti?

Lamlungu, 5 Novembala

Phumeza, 11:50
tata mwadzuka bwnj. ndachokera ku church. ndinakhala kumbuyo pafupi ndi khomo ngati masiku onse, munthu akatsokomola ndituluke. ndakupempherani

Phumeza, 14:30
mukadali okwiya?

Phumeza, 14:33
wakutsina khutu ndi mnansi tata

Lachiwiri, 14 Novembala

Phumeza, 08:15
ndili pa mzere wa magazi. sister akuti akuimbirani kangapo simukuyankha. aimbanso ku clinic ya kwanu akuti simunafike

Phumeza, 08:40
pano pali atsopano okhaokha. a nthawi yathu ena anasamuka, ena mukudziwa. palibe wondifunsa kuti wakodza kangati lero kkkk. ndinu nokha munkafunsa zimenezo popanda manyazi

Tata Vuyisile, 13:05
Ndilipo mwana wanga. Sindinakwiye. Mapazi atupa pang'ono, ndi ma gumboot awa. Kumeta kwatha, ubweya wapita.

Phumeza, 13:06
mapazi onse awiri?? mkodzo ukutuluka ngati kale?

Phumeza, 13:07
pls pitani LERO. ndipatseni number ya Asiphe

Phumeza, 13:30
[kuimba kosayankhidwa]

Phumeza, 18:10
[kuimba kosayankhidwa]

Lachitatu, 22 Novembala

Phumeza, 07:05
tata

Phumeza, 12:45
[mawu ojambula, 0:49] Ndili pa lunch kuseri kwa laundry ya hotel yathu, makina akusokosera, pepani. Tata, ine ndimangoganiza kuti ndikanatseka pakamwa panga tsiku lija. Ndinasangalala, ndinalibe wina womuuza, ndiye ndinathamangira kwa inu. Mukudziwa kuti bambo a kunyumba anachoka ndili pa makina a dialysis, anzanga anatopa nkundiyitana kumene sindingapite. Ndikabwera kuntchito ndimatseka chitseko, ndimamva ana a eni nyumba akuseka kuseri kwa khoma, basi. Munthu amene amadziwa chimene ndanyamula m'mimbamu ndinu nokha. Ndili ndi mantha, ndipo ndasungulumwa. Ingolembani ngakhale chilembo chimodzi.

Lachisanu, 1 Disembala

Phumeza, 16:20
ndapempha off akana, december hotel yadzaza. pa 16 ndikwera bus kaya afune kaya asafune. nyumba yanu sindiidziwa koma ndikafunsa ku shedi

Lolemba, 4 Disembala

Tata Vuyisile, 10:12
Molo sisi Phumeza. Ndine Asiphe, mwana wawo. Foni inatsala kumudzi, ndaitenga dzulo. Ndawerenga zonse.

Tata Vuyisile, 10:15
Tata ali mchipatala kuno ku Mthatha kuyambira lachinayi. Neba anawapeza akulephera kupuma. Madokotala ayesa mankhwala amphamvu koma akuti impso yafa, sibwereranso. Panopa awaika mwadzidzidzi pa makina a dialysis otsuka magazi.

Phumeza, 10:16
mayo ine

Phumeza, 10:16
akulankhula? akudya?

Tata Vuyisile, 10:24
Akulankhula. Vuto ndi makina sisi, malo ndi ochepa. Akuti komiti ikhala lachinayi kuona ngati awapatsa malo okhazikika. Nurse wandiuza mosabisa kuti zaka zawo ndi nkhani yosiya mankhwala zonse ziwerengedwa.

Tata Vuyisile, 10:26
Ife sitinkadziwa chilichonse. Mabotolo a mankhwala ndawapeza odzaza mu wardrobe, atawakulunga bwinobwino m'thumba la ubweya.

Phumeza, 10:31
Asiphe ndine ndinawauza za magazi anga. ndikhululukire

Phumeza, 10:33
ndikubwera mawa, ntchito ithe ngati ikutha

Tata Vuyisile, 15:47
[mawu ojambula, 0:41] Mwana wanga. Ndine. Usabwere, wamva? Ward ino ndi chifuwa chokhachokha, iwe asilikali ako ali mtulo, ungatole matenda chifukwa cha nkhalamba yopanda makutu. Ndipo usamapepese kwa Asiphe. Iwe unandiuza nkhani yabwino, zotsalazo ndinawonjezera ndekha. Chimene chikundiwawa si makinawa ayi. Pali mayi kwinakwake amene analola kuti mwana wake adulidwe kuti ine ndikhale moyo, ndiye ine ndamusinthanitsa ndi nyengo imodzi yometa nkhosa. Tsopano watsala mwa iwe wekha. January akakuuza chepetsa, uchepetse mmene anenera iwowo, osapitirira. Basi, akubwera ndi jekeseni.

Phumeza, 15:52
ndamva tata

Phumeza, 15:53
sindibwera. koma muziyankha

Lachinayi, 7 Disembala

Phumeza, 09:02
Asiphe lero ndi lero. undiuze a komiti akangotuluka

Phumeza, 13:15
akhala?

Phumeza, 16:40
Asiphe komiti yati chani

Phumeza, 17:25
[kuimba kosayankhidwa]

Phumeza, 19:03
ndamwa mankhwala anga a madzulo. foni ili m'manja