Maliro a Isay wa Diso Limodzi

Lamulungu, 4 Ogasiti, 2 koloko masana

Ndakhala pansi tsopano. Kagolosale ndatseka theka, mpunga uli pamoto. Ndilembe ndisanaphulike.

Dzulo masewero athu a Loweruka, aja a nthano ndi madayisi amene ine ndimatsogolera, anatha ngati msonkhano wa chipani. Tinali tangoyamba, lichero langa nditaliimika kale kubisa madayisi, Mang Ambo wa kabaza ndi Boyet wosoka nsapato ali m'malo mwawo, ine nditakonza kale kukhosi kuti ndiyambe nkhani. Mdzukulu wanga Shaira n'kugwira buku la malamulo, kulitembenuza chafufumimba. Akuti safunanso kuliona.

Kampani yakunja imene imapanga masewerowa inamupatsa ganyu chaka chatha, yojambula zilombo za m'buku lawo latsopano. Mwana anajambula mpaka maso kufiira. Sabata yathayi amulembera kuti zikomo kwambiri, manja a anthu sakuwafunanso, makina azijambula. Anandionetsa pa foni zimene makinawo atulutsa. Ng'ona yake ndi ya Shaira yeniyeni, kungoti ili ndi zala zochuluka ngati nthochi.

Ndinawatukwana a kampaniwo mpaka agogo awo. Ndani angandipose kudana nawo? Koma ndinati, mwanawe, bukuli tinagula iwe ukadali ndi mano a mkaka. Iwowo sadziwa n'komwe kuti kuno ku Marikina kuli tebulo la ine Pasing. Tikasiya, alira ndani? Akuti, Lola, ndiye kuti agogo, ngakhale chikuto chake chikundinyansa.

Kenako mawu amene andikhalira pamtima ngati mwala. Akuti kuli masewero ena, opangidwa ndi anyamata a m'dziko lathu lomwe lino, a ku Cebu, ojambulidwa ndi anthu. Akuti Lola Erlinda agula kale buku lake, ndipo angathe kutsogolera nkhani.

Lola Erlinda. Asewere anga, mayi a mkazi wa Rodel wanga. Madamu amene anaphunzitsa Chingerezi moyo wawo wonse, amene amadya mango ndi foloko. Kutsogolera nkhani iwowo?

Lolemba, 5 Ogasiti

Madamu adutsa ndi ambulera yawo ya maluwa. Agula sopo, afunsa za bondo langa. Za masewero ziii. Ndawapatsa sopo wong'ambika pepala.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Rodel pa chakudya, pakamwa podzaza: Amayi, bwanji osangophunzira atsopanowo, nkhani ithe? Ndati iwe bwanji osaphunzira kutafuna utatseka pakamwa.

Pano ndinene zoona. Sukulu ndinalekeza giredi 3. Malamulo a buku lakale ali m'mutu mwanga chifukwa Shaira anandiwerengera chaka cha madzi osefukira chija, titatsekeredwa m'chipinda cham'mwamba, magetsi kulibe, kamwana kakuwerenga Chingerezi ndi chala n'kumandimasulira, ine ndikusunga. Chichokereni madzi aja sindinalitsegulepo. Ndimaliika patebulo ngati Baibulo la kukhoti, logwira ndi dzanja basi. Ambo akatsutsa ndimalimenya pamwamba n'kumuuza kuti zalembedwa, amakhala chete.

Latsopanolo akuti ndi lonenepa ngati njerwa. Andiwerengera ndani? Ndikapemphe mwana wa digiri, pamaso pa Ambo ndi Boyet?

Lachisanu, 9 Ogasiti

Anapita dzulo kwa Madamu, onse atatu, akuti kukangoyesa.

Boyet wabwera m'mawa kudzagula ndudu imodzi, maso ali pa zitini za nsomba. Ndati bwanji kwa Madamu? Akuti aaa, zinali choncho. Ndati choncho bwanji, wamwa guluu wa nsapato? Ndiye wamasuka. Makina oziziritsa m'nyumba. Keke. Mapu osindikiza, amitundu. Mipando yofewa. Zimenezo sizinandipweteke, keke aliyense amagula. Koma akuti Madamu anayankhula ngati mzimu wa m'chitsime mpaka Ambo kukweza miyendo pampando. Ambo ameneyu, amene kwa ine amasinza ndikapanda kumugenda ndi chitsekero cha botolo.

Akuti Shaira anaseka mpaka kutsamwa. Sanasekepo chilandirireni uthenga wa kampani uja.

Ndimayenera kukondwa. Ndayesa mpaka masana. Zakanika.

Loweruka, 10 Ogasiti, madzulo

M'mawa Shaira anatsika kudzandithandiza kusanja mazira, ntchito imene sagwira. Ndinadziwa kuti pali kanthu. Akuti lero tisewere komaliza ndi buku lakale, tilitsanzike bwino. Kenako Isay amutengere kwa Lola Erlinda, akamulembenso pa pepala la malamulo atsopano.

Isay wa Diso Limodzi, munthu wake wa m'masewero. Mkondo ndinamupatsa ndine. Diso lija ndinamuchotsa ndine, pa nkhondo ya pa mlatho. Mawu a mayi ake ndine, mawu a chibwenzi chake chabodza chija ndine, ngakhale galu wake amauwa ndi pakamwa panga. Wakulira patebulo lino. Tsopano akakhale pampando wofewa, azikamva Chingerezi cha m'mphuno?

Ndinati chabwino.

Masana tinasewera. Ndinawatengera ku dambo, kwa Ng'ona Yaikazi. Ndinasewera bwino lero, ndinene ndekha, Ambo sanaphethire n'komwe, makasitomala awiri anaima pawindo kuiwala zimene amadzagula. Ng'ona itayasamula pa Isay ndinaponya dayisi kuseri kwa lichero. Linagwa 3. Kuphonya kumeneko, ndi mwana yemwe akudziwa. Ndinaliphimba ndi dzanja n'kunena kuti 20, nambala yakupha.

Ndinafotokoza zonse. Madzi kufiira, mkondo kuyandama, galu kulira m'bango. Boyet anavula chipewa. Shaira sanalire, sanatsutse. Anangondiyang'ana, n'kukankhira pepala la Isay kwa ine.

"Sungani, Lola, poti ndi wanu."

Walongedza chikwama, wakagona kwa Madamu. Potuluka sanatenge dzanja langa kuika pachipumi pake, ulemu wa ana kwa akulu. Chibadwireni sanaiwalepo.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Ku Misa Shaira anakhala ndi Madamu benchi yakutsogolo. Ine kumbuyo ndi bondo langa, ndikuona misana yawo ulaliki wonse.

Masana maliro. Patebulo langa munthu wa m'masewero akafa timamulira ngati munthu. Pepala lake patebulo, kandulo, khofi, biko wa mpunga womata, makadi a Ambo, ndipo palibe kusesa mpaka mawa. Anthu a Boyet amafa ngati nkhuku za chitopa, onse tinawalira. Lero mwini maliro ndiye kulibe.

M'malo mwake kunatulukira Madamu. Zovala zakuda, mbale yodzaza pansit, supageti wathu wokazinga uja, ngati wamwalira ndi khansala. Osaseka. Anaima pa pepala, kupanga chizindikiro cha mtanda, n'kudzakhala pambali panga. Pamaliro suthamangitsa munthu, ndipo amadziwa zimenezo.

Anadikira amuna aja alowe m'makadi. Kenako chapansipansi, akunditchula Balae, mmene asewere timaitanirana:

"Balae, lichero lanu lija n'lobooka pakona. Pamene amakhala Shaira, dayisi limaoneka."

Khofi anandilowa m'mphuno.

Akuti mwanayo wakhala akuona kuyambira ali kamwana. Tsiku la pa mlatho anaona dayisi litagwa loti Isay afe, ine n'kunena kuti wangotaya diso. Anaona kambirimbiri, osanena, chifukwa ankati ndi chinsinsi chake ndi Lola wake. Dzulo ndi koyamba kundiona ndikunama kuti ndimuphe.

Ndinafunsa ngati mwanayo anawauza yekha. Akuti eya, akulira.

Mulungu andikhululukire, chimene chinandibaya kaye si kulira kwake. Ndi phewa limene analilirapo.

Madamu sanathe. Akuti m'buku latsopano muli chigawo cha dziko la akufa, anzake a munthu angathe kutsikako kukamutenga. Akuti awerenga kawiri, koma dambo lija salidziwa, Ng'ona sadziwa imayankhula bwanji. Akuti ngati ndingafune akhoza kundiwerengera.

Kundiwerengera. Ndiye kuti nazonso akudziwa.

Ndinati maso anga ali bwino, Balae, pansit wanu ndiye wachepa mchere. Anadzuka, kukonza siketi. Pamaliro saperekeza mlendo, ndiye sindinavutike kuimirira.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Nyumba yangoti zii. Rodel akudya atatseka pakamwa tsopano, zikunyansa kuposa kale. Mkazi wake amandipatsa moni ngati wa ku banki.

Lichero ndaliyang'anitsa kudzuwa. Pabowo paja chala changa chalowa chonse.

Ambo waima ndi kabaza yake pawindo. Akuti Aling Pasing, musadandaule, tizisewera atatu ndi buku lakale, kampaniyo sidziwa n'komwe kuti tilipo. Mawu anga omwe. Pakamwa pake akumveka ngati opusa.

Atachoka ndalitsegula bukulo. Kuwerenga ayi, zithunzi. Pakona pa chithunzi chilichonse pali kadzina kakang'ono, kolemba pamanja. Zaka zonsezi sindinadziwe kuti umo muli anthu. Adzukulu a eni ake amenewo, mwina nawo alandira zikomo kwambiri.

Ndikhoza kusewera nalo mpaka kufa, malamulo ake ali m'magazi, palibe angandikole. Koma ndizisewera ndi ndani? Ambo ndi Boyet amangolimbirana golide wabodza. Amene amafunsa kuti mayi a Isay anamusiyiranji ndi mmodzi yekha.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Madamu adutsa tsidya la msewu, sanagule kanthu. Ambulera anawagwirira ndi Shaira.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Ndinapita kukabweza mbale ya pansit. Mbale ya eni ake sisungidwa, ndipo sibwerera yopanda kanthu, ndiye ndinaikamo biko. Basi, chifukwa chake n'chimenecho.

M'nyumba mozizira ngati ku mochale. Anandikhazika pampando wofewa uja, ndinamira mpaka mawondo kufika pachibwano. Tinakamba za bondo. Za mtengo wa anyezi. Za wansembe watsopano amene amalalikira ngati akutafuna chingamu. Buku lili pomwepo patebulo, lobiriwira, likundiyang'ana. Nkhani zitatha ndinati, "Balae, magalasi ndaiwala kunyumba."

Sindivala magalasi. Marikina yonse ikudziwa.

Anati, "Zimachitika, Balae," n'kutsegula.

Amawerenga bwino, mfiti imeneyi. Pang'onopang'ono, n'kumasulira, osandiyang'ana kumaso. Kenako uphunzitsi unawadzukira, akuti ndibwereze zimene anena. Nditalakwitsa anati tiyesenso, ndi kamawu ka ana a sukulu. Ndinatsala pang'ono kuwagenda ndi keke. Kachiwiri sindinalakwitse.

Malamulowo ndi abwino, zimenezonso zikundiwawa. Madayisi awiri okha. Ndipo amaponya ndi osewera, poyera, aliyense akuona. Wotsogolera nkhani saponya n'komwe, ntchito yake ndi pakamwa basi. Ndinati nanga lichero ndizichita nalo chiyani? Akuti mupetere mpunga.

Chitseko cha chipinda chimene akugona Shaira chinali chotseguka pang'ono, nyimbo zikumveka. Sanatuluke. Koma nditayamba kuwaonetsa Madamu mmene Ng'ona imayankhulira kunsi kwa akufa, mawu ochokera m'mimba, osati a m'mphuno awowo, nyimbo zija zinazima.

Potsanzika Madamu akuti Loweruka abwera kwanga kudzasewera. Akufuna kukhala wopalasa bwato la akufa, dzina asankha kale. Patebulo langa. Ndinati mpando wofewa kulibe, ndipo wosinza ndimagenda. Akuti abwera ndi pilo.

Lachisanu, 16 Ogasiti

Buku lakale ndalikulunga m'pulasitiki, ndaliika pamwamba pa kabati pamene madzi safika. Kuliotcha ayi. Silinalakwe ilo, analakwa ndi eni ake.

M'mawa wonse ndakhala ndikubwereza malamulo ndikugulitsa. Mayi wina wafuna viniga, ndamuyankha kuti aponye madayisi awiri. Tebulo ndapukuta, mipando ndaika isanu. Wa pakona sindikudziwa ngati ukhala ndi munthu. Kupita kukamuuza sindingathe, pakamwa panga panaphunzira kuluma, zinazi panalekezanso giredi 3.

Ndiye Rodel, iwe. Ndikudziwa kuti ukamasaka makiyi a kagolosale pansi pa pilo wanga umawerenganso kabuku aka, umakabweza chozondoka. Lero ndakusiyira dala. Kamupatse mwana wako awerenge, kuyambira Loweruka lija, asadumphe pa 3 paja. Umuuze kuti mawa 2 koloko tikutsika kukamutenga Isay, ndipo popanda iye Ambo ndi Boyet asochera pa khomo loyamba. Abwere ndi pensulo, Ng'ona ndikufuna ya zala zokwanira.

Pamene ndalemba kuti Madamu amawerenga bwino, pamenepo uphimbe ndi chala.