Chikho cha Mawa Chili M'manja mwa a Nampuluma

Loweruka, mwezi wa Okutobala. Dzuwa laswa mtengo, nanenso mtima wawira tsiku lonse.

Lero linali tsiku langa lothirira mpunga ku sikimu ya Likangala. Ndinalawirira, koma ndinapeza ngalande yanga atayitseka ndi matope, madzi onse akuthamangira m'munda wa a Nampuluma, mkulu wa mpingo wathu. Mpunga wanga wafiira, nthaka yachita ming'alu. Nditawafunsa anangoti, "Achimwene, madzi ndi a Mulungu." Ndiye kuti Mulunguyo amadziwa munda wawo wokha?

Kokadandaula kulibe. Atcheyamani a chipani kuno ndi iwo omwewo. Ukangotsegula pakamwa, mawa umva kuti wanyoza boma.

Mawa ndi Mgonero. Masana pa mapemphero okonzekera, abusa anati aliyense ayese mtima wake, ndipo wosunga mnzake chakukhosi asayandikire gome. Wangawu ndauyesa. Ndapezamo khasu langa ndi mutu wa a Nampuluma, sindinama. Pa Pemphero la Ambuye, titafika pa mawu okhululukira anzathu, ndinatseka pakamwa. Mayi a kunyumba anandigunda ndi chigongono: "Bambo, anthu akukuonani." Aone!

Ambuye, chimene mukufuna ndikuchidziwa bwino, koma ine sindikuchifuna. Ndikakhala pakhomo, anthu ati wochimwa ndine, a Nampuluma ali mbee m'jekete loyera. Ndikapita, chikho chanu ndichilandira m'manja omwewo amene anamata ngalande yanga. Ndisanamwe ndiyamba ndayang'ana zikhadabo zawo, ndipo ndikangoonamo matope...